Ndigule SSD yotani yaikulu, yodalirika komanso yosamaliza batire la laputopu?

Funso: Ndine mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe ndipo ndimajambula zithunzi ndi mavidiyo pa maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo. Laputopu yanga ndi HP EliteBook 840 G6 yomwe ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo SSD yake (disiki yosungira mafayilo) ya 256 GB imadzaza ndikangoikamo maukwati awiri, popeza ukwati umodzi umatenga pafupifupi 100 GB. Ndikufuna kuikamo ya 2 TB kapena 4 TB, koma ndikuopa zinthu ziwiri: kuti ingafe ili ndi ntchito za anthu, komanso kuti ingamamalize batire msanga, poti nthawi zambiri ndimagwira ntchito magetsi atazima. Ogulitsa akundiuza kuti nditenge yomwe pa bokosi palembedwa liwiro lalikulu kwambiri. Ndigule yotani?

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo mwachita bwino kutchula dzina la laputopu yanu, chifukwa yankho lonse likuchokera pamenepo. Ndiyambe ndi chimene ndikanagula ndikanakhala inuyo. Ndikanatenga SSD ya 2 TB ya mtundu wa M.2 2280 NVMe, yokhala ndi ma chip a TLC omwe ali mbali imodzi yokha, yochokera ku kampani yomwe imadzipangira yokha ma chip ake. Mawu onsewa ndiwafotokoza m'munsimu. Ndipo ndalama zomwe ndikanawonjezera kuti ndifike pa 4 TB ndikanagulira disiki yachiwiri yakunja, yosungiramo kope la ntchito iliyonse yomwe mwini wake sanailandire. Nambala ya liwiro yomwe ogulitsa akukulozerani ndiyo yomaliza kuiganizira, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ma SSD a malaputopu amabwera m'maonekedwe awiri. Ena ndi timabokosi ta mainchesi 2.5 tofanana ndi ma hadi disiki akale, ndipo amalumikizidwa kudzera pa SATA, yomwe singapitirire pafupifupi 550 MB pa sekondi. Ena ndi tizidutswa topyapyala totalika ngati chala, totchedwa M.2, tomwe timalowa pa malo ake mkati mwa laputopu n'kumangidwa ndi kasikuluwu kamodzi. Laputopu yanu imalandira mtundu wachiwiriwu. Nambala ya 2280 ndi muyeso chabe, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi mamilimita 80 m'litali, ndipo muionetsetse pa bokosi chifukwa palinso zazifupi za 2230 ndi 2242 zomwe sizifika pomwe pali kasikuluwu kanu. Chomwe chimasokoneza ambiri n'chakuti pa ma M.2 pomwepo pali ena omwe mkati mwake ndi a SATA ndipo ena ndi a NVMe, njira yatsopano yothamanga kwambiri kuposa SATA. Kawirikawiri ya SATA imakhala ndi mipata iwiri kumapeto komwe kuli mano a golide, pamene ya NVMe imakhala ndi mpata umodzi. Inu mufunse ya NVMe.

Tsopano za liwiro. EliteBook 840 G6 inatuluka mu 2019, ndipo njira yomwe SSD imalankhulirana ndi purosesa yake ndi PCIe 3.0, yomwe malire ake ndi pafupifupi 3,500 MB pa sekondi. Mukaikamo SSD ya PCIe 4.0 yomwe pa bokosi palembedwa 7,000 igwira ntchito bwinobwino, koma idzayenda pa liwiro lomwe laputopu ikulola, monga momwe galimoto yamphamvu imayendera limodzi ndi maminibasi pa mlatho wa Lilongwe ku Old Town nthawi yoweruka. Ndiponso pa ntchito yanu, chochedwetsa chenicheni chili kwina. Makadi ambiri a SD omwe ali m'makamera ndi a mtundu wa UHS-I, omwe malire ake ndi 104 MB pa sekondi, kotero kuti mukamakopera ukwati wa 100 GB kuchoka pa kadi, mudzadikira mphindi pafupifupi makumi awiri ngakhale SSD yanu itakhala yothamanga kuposa zonse pa msika. Ndalama zolipirira liwiro lomwe simudzaliona ndi ndalama zotayika, ndipo chiyambire kutsitsidwa mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tikudziwa mmene katundu wochokera kunja wakwerera mtengo.

Nkhani ya batire ndi yomwe ndikufuna tiyambe taikhalira pansi, chifukwa anthu ambiri amaimva mozondoka. Amaganiza kuti SSD yaikulu imadya moto wochuluka kuposa yaing'ono molingana ndi kukula kwake, ngati kuti ya 2 TB imadya kasanu ndi katatu kuposa ya 256 GB. Sizili choncho. Ma chip osungira mafayilo safuna magetsi kuti asunge zomwe zalembedwamo, n'chifukwa chake mafayilo amakhalapobe laputopu ikazimitsidwa. Moto umapita pomwe SSD ikuwerenga kapena kulemba, ndipo panthawi imeneyo ma SSD ambiri a NVMe amagwiritsa ntchito mawati apakati pa 3 ndi 8. Koma ngakhale pa tsiku lomwe mwatanganidwa kwambiri, SSD imakhala nthawi yaitali isakuchita kanthu, ikudikira kuti purosesa iitume. Funso lalikulu ndiye ndi ili: ikakhala kuti ilibe ntchito, kodi imagona, ndipo imagona tulo tozama bwanji?

SSD yopangidwa bwino, ikangotha kanthawi kochepa osatumidwa, imadzitsitsa yokha mpaka kufika pa mamiliwati ochepa chabe, moto womwe batire silingaumve n'komwe, kenako imadzuka msanga ikafunidwa. Yopangidwa mosasamala, kapena yomwe sikumvana bwino ndi laputopu, imakhala maso nthawi zonse n'kumadya wati imodzi kapena kuposerapo popanda chomwe ikuchita. Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire la laputopu ngati yanu likakhala latsopano limasunga pafupifupi 50 Wh, kutanthauza kuti lingapereke mawati 50 kwa ola limodzi. Tiyerekeze kuti posankha zithunzi ndi kulemba makalata laputopu yonse ikugwiritsa ntchito mawati 8. Batirelo likhala maola asanu ndi limodzi ndi mphindi 15. Mukawonjezapo wati imodzi ya SSD yosagona, likhala maola asanu ndi theka basi. Mwataya mphindi pafupifupi 40, zomwe kwa munthu amene akumalizitsa ntchito ya Loweruka magetsi atazima kuyambira m'mawa si zochepa ayi.

Chachiwiri pa nkhani ya moto ndi kuchuluka kwa ntchito yomwe SSD imagwira pa wati iliyonse. Yomwe imamaliza kukopera msanga pa moto wochepa n'kubwerera kukagona ndiyo yabwino kwa batire. Pa mbali imeneyi SK hynix Gold P31, yomwe inatuluka mu 2020, inatchuka kwambiri pakati pa oyesa ma SSD, ndipo ndi ya PCIe 3.0, yofanana ndendende ndi laputopu yanu. Ya 2 TB ilipo ndipo ma chip ake ali mbali imodzi. Mukaipeza yeniyeni, musazengereze. Mukailephera, WD Black SN770 ndi WD Black SN7100 ndi za TLC, za mbali imodzi, ndipo zimasamala moto, makamaka SN7100. Samsung 990 Pro ndi yabwino kwambiri, koma mphamvu zake zambiri laputopu yanu singazifikire, choncho muitenge pokhapokha ngati mtengo wake uli pafupi ndi wa zinazo, kapena ngati mukudziwa kuti posachedwa mugula laputopu yatsopano yomwe mudzaisamutsiremo. Zomwe ndikukuletsani mwamphamvu ndi ma SSD a PCIe 5.0, makamaka oyambirira, omwe amafika mawati 10 ndi kupitirira ndipo amafuna chitsulo chachikulu choziziritsira chomwe mu laputopu mulibe malo ake.

Ogulitsa ena adzakuuzani kuti SSD yopanda DRAM, chip ya memori yakanthawi yothandiza SSD kupeza mafayilo msanga, ndi yachabechabe. Mawu amenewa anali oona pa ma SSD a SATA, ndipo kumeneko ndi oonabe. Pa NVMe zinthu zinasintha, chifukwa pali njira yotchedwa HMB yomwe SSD imabwereka kagawo kakang'ono ka RAM ya laputopu, kawirikawiri 64 MB kapena kucheperapo, kuti isungirepo mapu osonyeza pomwe fayilo iliyonse ili. SN770 ndi SN7100 zimagwira ntchito motero, ndipo kusakhalapo kwa chip ya DRAM kumachepetsanso moto womwe zimadya. Pa ntchito yanu simudzaona kusiyana.

Ndinene chilungamo apa kuti musadzakhumudwe: SSD yabwino singachiritse batire lokalamba. Sikirini ndi purosesa ndizo zimadya moto wochuluka, makamaka mukamakonza vidiyo. Laputopu yanu munaigula yakale, choncho musanagule kanthu tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport, kenako mutsegule fayilo yomwe ituluke ndi kuyerekeza Design Capacity (moto womwe batire linkasunga lili latsopano) ndi Full Charge Capacity (womwe likusunga panopa). Ngati nambala yachiwiriyo yatsika kufika pa theka la yoyambayo, batire latsopano likupatsani maola ambiri kuposa SSD iliyonse. Mukatero mulowenso mu Power Options ya Windows, pa gawo la PCI Express, muonetsetse kuti Link State Power Management ili pa Maximum power savings laputopu ikamayendera batire, chifukwa ikakhala yozimitsa, ngakhale SSD yabwino singagone tulo take tozama.

Tibwere ku TLC ndi QLC, mawu omwe nthawi zambiri salembedwa poonekera pa bokosi koma ndi omwe amasiyanitsa katundu. Mkati mwa chip muli timaselo tambirimbiri tosunga magetsi pang'onopang'ono. Pa TLC selo iliyonse imasunga ma bit atatu (bit ndi kachidutswa kakang'ono kwambiri ka uthenga m'kompyuta), zomwe zimafuna kuti SSD izitha kusiyanitsa milingo 8 ya magetsi mu selo imodzi. Pa QLC imasunga ma bit anayi, ndipo milingo imakhala 16. Ganizirani kapu yomwe yalembedwa mizere isanu ndi itatu ndi ina ya kukula komweko yolembedwa mizere khumi ndi isanu ndi umodzi: kuthira madzi mpaka pa mzere woyenera m'kapu yachiwiriyo kumafuna dzanja lodekha ndi nthawi yochulukirapo, ndipo madzi akangodontha pang'ono mwawerenga mzere wolakwika. N'chifukwa chake QLC imakhala yotchipa pa kukula komweko, koma imalemba pang'onopang'ono ndipo imatha msanga.

Opanga amabisa kuchedwaku pogwiritsa ntchito gawo lina la ma chip ngati khonde lotsitsirapo katundu. Mafayilo akamabwera amayamba alembedwa mwachangu, bit imodzi pa selo, ngati mmene ogula chimanga amayambira aunjika matumba pakhonde kuti lole ichoke msanga, kenako n'kumawasanja bwino m'nyumba pambuyo pake. Liwiro lolembedwa pa bokosi ndi la pakhondepo. Khonde likadzaza, SSD ya TLC yabwino imapitirizabe pa mazana angapo a MB pa sekondi kapena kupitirira 1,000, pamene ya QLC imatha kugwa mpaka pafupifupi 100 MB pa sekondi, liwiro la hadi disiki yakale. Ndipo khondelo limachepa SSD ikamadzaza, chifukwa limapangidwa kuchokera pa malo omwe ali opanda kanthu. Kwa munthu wolemba makalata ndi kuonera mavidiyo, QLC ilibe vuto. Kwa inu amene mumasamutsa 100 GB nthawi imodzi pa disiki yomwe nthawi zambiri idzakhala yodzaza kupitirira theka, mudzakumana nako kuchedwaku, ndipo nthawi yonse yomwe SSD ikuvutika kulemba imakhala ili maso, ikudya batire. Crucial P3 ndi P3 Plus, komanso Samsung 870 QVO, ndi zina mwa zodziwika za QLC. Palinso mitundu ina yotchipa, monga Kingston NV2, yomwe dzina limakhala limodzi koma zamkati zimasinthasintha, ina TLC ina QLC, moti simungadziwiretu chomwe mwagula.

Apa ndi pomwenso 4 TB imandikayikitsa. Zambiri za 4 TB zotsika mtengo ndi za QLC, ndipo zina zili ndi ma chip mbali zonse ziwiri, zomwe zimazinenepetsa. M'malaputopu opyapyala SSD yotere imatha kukana kugona bwino pa malo ake, ndipo munthu akaikakamiza ndi kasikuluwu imapindika. Za 4 TB za TLC za mbali imodzi zilipo, monga Samsung 990 Pro, koma mtengo wake ndi waukulu. Pa 2 TB mukwanitsa kusunga maukwati khumi ndi asanu nthawi imodzi, Windows ndi mapulogalamu anu zili momwemo, malo opumira atatsalako. Sindikukhulupirira kuti mumakhala ndi maukwati oposa pamenepo omwe simunawamalize. Zomalizidwa zisamakhale mu laputopu.

Pa kudalirika, opanga amalemba nambala yotchedwa TBW, yomwe ndi kuchuluka kwa ma terabyte omwe akulonjeza kuti mungalembe pa SSD isanathe. Ya 2 TB ya P31, ya SN770 ndi ya 990 Pro, iliyonse ili ndi 1,200 TBW ndi waranti ya zaka zisanu, pamene Crucial P3 ya 2 TB ili ndi 440 TBW. Tiyerekeze kuti mukulemba 100 GB tsiku lililonse osapumula ngakhale Lamulungu, zomwe ndi zoposa ntchito yanu: 1,200 TBW ingakutengereni masiku 12,000, zomwe ndi zaka zopitirira 30, ndipo ngakhale 440 TBW ingafike zaka 12. Choncho musaope kuti mudzaimaliza ndi kulemba. Nambalayi muigwiritse ntchito ngati chizindikiro chodziwira mtundu wa ma chip: mukaona pafupifupi 600 TBW pa terabyte iliyonse, mwachidziwikire ndi TLC, mukaona 200 kapena 300, kayikirani.

Ma SSD omwe ndawaona atafa pa tebulo langa sanafe chifukwa cha kutha kwa maselo. Amafa chifukwa chip yoyendetsa zonse, yotchedwa controller, yasiya kugwira ntchito, kapena pulogalamu yake yamkati, firmware, yasokonekera. Ndipo amafa mosachenjeza. Hadi disiki yakale inkayamba kulira, kugogoda ndi kuchedwa, munthu n'kupeza mpata wopulumutsa mafayilo. SSD imagwira bwino usiku, m'mawa laputopu n'kunena kuti sikuona disiki iliyonse. Kutulutsamo mafayilo zikatero n'kovuta kwambiri, chifukwa controller yokhayo ndiyo imadziwa mmene inawamwazira m'ma chip, ndipo ngakhale fayilo yomwe mwaifufuta mwangozi imasesedwa msanga ndi lamulo lotchedwa TRIM. Makampani akuluakulu nawonso amalakwitsa. Kumayambiriro kwa 2023 Samsung inatulutsa firmware yatsopano ya 990 Pro chifukwa nambala yosonyeza thanzi la SSD inkatsika mofulumira, ndipo mu Okutobala 2024 Western Digital inachita chimodzimodzi pa ma SSD ena a 2 TB, kuphatikizapo SN770, omwe ankagwetsa Windows 11 ya 24H2. Ubwino wa makampani otere ndi wakuti vuto likapezeka amalikonza ndipo amakhala ndi pulogalamu yoikira firmware yatsopano, pamene SSD ya dzina losadziwika ilibe kothawira. N'chifukwa chake ndikunena kuti musankhe pakati pa omwe amapanga okha ma chip, monga Samsung, SK hynix, Kioxia, Micron ndi SanDisk, yomwe inapatukana ndi Western Digital mu 2025 n'kutenga ntchito ya ma SSD a WD, ndipo tsiku loyamba lomwelo muone ngati pali firmware yatsopano.

Komabe palibe SSD, ya mtengo uliwonse, yomwe ndingakuuzeni kuti muikhulupirire yokha ndi ukwati wa munthu. Mwambo wa ukwati subwerezedwa. Mkwatibwi akabwera patatha milungu iwiri kudzafunsa vidiyo yake, simungamuuze za controller. Ndondomeko yomwe ndimapatsa ojambula onse ndi iyi: mukafika kunyumba koperani makadi mu laputopu, usiku womwewo koperaninso pa disiki yakunja, ndipo musafufute makadiwo kufikira mutatsegula mafayilo angapo pa malo onse awiri n'kuona kuti akusewera. Disiki yakunjayo isamayende m'chikwama chimodzi ndi laputopu, chifukwa chikwama chikabedwa mu depoti kapena chikanyowa ndi mvula ya mu Januwale, zonse zimapitira limodzi. Hadi disiki wamba ya 4 TB ndi yokwanira pa ntchito imeneyi ndipo ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi SSD ya kukula komweko. Mwayi umodzi womwe muli nawo ndi wakuti batire la laputopu limateteza SSD magetsi akazima mwadzidzidzi, zomwe makompyuta a pa desiki alibe. Koma ngati batire lanu lafika pozimitsa laputopu chaja ikangosololoka, chitetezo chimenecho chatha, ndipo ndi chifukwa chinanso cholisinthira.

Chinthu chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu ndi katundu wachinyengo. Mnyamata wina wojambula makwaya anabwera kwa ine ndi kabokosi kokongola ka chitsulo kolembedwa 4 TB, komwe anagula pa mtengo wosafika ngakhale wa 500 GB yeniyeni. Windows inkaonetsadi 4 TB, mafoda onse ankaoneka, mayina a mafayilo ali bwinobwino, koma mavidiyo omwe anakopera pambuyo pa sabata yoyamba ankakana kutseguka. Titakanganula chivundikiro tinapeza kakadi kakang'ono ka memori, konga ka m'foni, katamatidwa ndi guluu pa kabolodi, pambali pake pali kachitsulo kongolemeretsa kuti kabokosiko kazimveka ngati katundu weniweni m'manja. Kakadiko kanali ka 64 GB, ndipo zonse zopitirira pamenepo zinkangotayika. Mnyamatayo anakhala chete nthawi yaitali atagwira kabolodiko, chifukwa makadi a kamera anali atawafufuta kale. Chinyengo chomwechi chimachitikanso pa ma M.2 olowa mkati, ndipo ena amalembedwa mayina omwe kulibe n'komwe, monga Samsung 1080 Pro. Wogulitsa mwiniwake nthawi zina sadziwa, chifukwa nayenso anaoda kwa wina.

Choncho kulikonse komwe mugule, kaya ndi m'masitolo a ku Old Town, ku City Centre, kapena mwatuma wachibale wochokera ku Johannesburg, mgwirizano ukhale woti muiyesa musanaikhulupirire. Mtengo ukatsika kwambiri poyerekeza ndi masitolo ena, chokanipo. Pemphani risiti yolembedwa dzina lonse la SSD, nambala yake ya siriyo ndi miyezi ya waranti yomwe sitoloyo payokha ikupereka, chifukwa waranti ya zaka zisanu ya kampani imafuna kuti katundu atumizidwe kunja, ndipo kuchokera ku Lilongwe zimenezo n'zovuta ndi zodula. Nambala ya siriyo ya pa bokosi, ya pa SSD ndi yomwe kompyuta ikuonetsa zifanane. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo ikuonetsani dzina lenileni, maola omwe SSD yakhala ikuyaka ndi kuchuluka kwa zomwe zinalembedwapo. Yatsopano iyenera kuonetsa maola ochepa kwambiri. Ngati ndi ya Samsung, pulogalamu ya Samsung Magician imanena ngati ili yeniyeni. Kenako gwiritsani ntchito H2testw, yomwe imalemba disiki yonse mpaka kudzaza n'kuwerenganso kuti ione ngati zonse zabwerera momwe zinalembedwera. Pa 2 TB zimatenga maola angapo, ndiye muchite tsiku lomwe magetsi alipo, koma musadumphe, chifukwa ndi mayeso omwe chinyengo cha kukula sichingawapambane. Musadabwe Windows ikaonetsa 1.81 TB pa SSD ya 2 TB, kapena 931 GB pa ya 1 TB. Kumeneko ndi kusiyana kwa kawerengedwe chabe.

Mwina adzakuonetsaninso ma SSD opanda bokosi, ochotsedwa m'malaputopu ena, okhala ndi mayina ngati Samsung PM981a, PM9A1, WD SN730 kapena SK hynix PC711. Amenewa si achinyengo. Ndi omwe makampani a malaputopu amaika m'fakitale, ndipo PC711 ndi mbale wake wa P31 yomwe ndaitchula. Alibe waranti ya kampani kwa inu, choncho muwatenge pokhapokha mtengo uli wotsika bwino, CrystalDiskInfo ikuonetsa thanzi lopitirira 95 peresenti, ndipo H2testw yadutsa popanda cholakwa.

Poika, ngati simunatsegulepo laputopu, pitani kwa katswiri koma mukhale pomwepo. Laputopu izimitsidwe kotheratu, chaja ichotsedwe, ndipo chivundikiro chapansi chikatsegulidwa batire lamkati lisololedwe kaye asanakhudze SSD. Yatsopanoyo imalowa mopendekeka pang'ono, kenako imagonekedwa pansi n'kumangidwa ndi kasikuluwu kaja popanda kukakamiza. Ngati pa yakaleyo panali kachidutswa kofewa kotulutsira kutentha, kabwezeretsedwe. Ma SSD ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito mpaka madigiri 70, ndipo akayandikira malire ake amadzichepetsa okha liwiro kuti asapse. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pomwe kuno kumatentha kupitirira madigiri 30, musamakonzere vidiyo pa bedi kapena pa mpando wa nsalu, ndipo fumbi la m'fani lichotsedwe tsiku lomwelo laputopu ili chitsegulire.

Musanachotse SSD yakale, onani ngati BitLocker, loko ya Windows yotsekera mafayilo a pa disiki, ili yoyatsa ndipo mulembe papepala nambala yake yotsegulira ya manambala 48, chifukwa malaputopu ambiri ochokera m'maofesi akunja amabwera nayo. Mungasamutse zonse monga zilili pogwiritsa ntchito Clonezilla kapena pulogalamu ya kampani ya SSD yanu, koma ine ndingakonde kuti muike Windows 11 yatsopano, popeza Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025 ndipo purosesa ya laputopu yanu ndi yololedwa pa Windows 11. Mukayamba kuigwiritsa ntchito muzisiya pafupifupi 300 GB yopanda kanthu, kuti khonde lija likhalepo ndiponso kuti SSD izipeza malo osinthira maselo.

SSD yakale ya 256 GB musaigulitse msanga. Ikhale m'kabati milungu iwiri kapena itatu osaikhudza, kuti yatsopanoyo ikaonetsa vuto mungoibwezeretsa n'kupitiriza ntchito tsiku lomwelo. Ikadutsa nthawi imeneyo, igulireni kabokosi ka USB kolandira M.2 ka mtundu wogwirizana nayo, SATA kapena NVMe, ndipo idzakhala yonyamulira ntchito popita kwa makasitomala. Koma musaisandutse nkhokwe ya maukwati akale yoti izikhala zaka osalumikizidwa, chifukwa magetsi a m'maselo aja amadontha pang'onopang'ono, makamaka pamalo otentha. Muyezo wa JEDEC, bungwe loika miyezo ya ma chip, umangofuna kuti SSD yomwe yafika kumapeto kwa TBW yake isunge mafayilo chaka chimodzi pa madigiri 30 ili yozimitsa. Maukwati omalizidwa apite pa hadi disiki yakunja ija, ndipo ngati ndalama zilola, pa ma hadi disiki awiri, imodzi izikhala kwa wachibale ku dera lina.